Buluku Limodzi, Abambo Anayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinadana ndi Asiyatu. Kunena kuti kudana mwina ndikudzikometsera, chifukwa mwana wa eni ake sanandilakwire kanthu. Inali nsanje basi, nsanje yolepheretsa munthu kumeza mbatata.

Tinali titangobwerera ku Entre Lagos kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo katundu wamkulu amene ndinabwera naye anali matama. Kumsasa wa othawa nkhondo kunkabwera magulu a zisudzo, ena ophunzitsa za kolera, ena za katemera, ndipo palibe sewero limene linandiphonya. Ndinkakhala kutsogolo kwenikweni, fumbi la mapazi a osewera likundilowa m'mphuno, n'kumaloweza mawu awo onse. Choncho nditayamba sikola ya kwathu, kumene tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango n'kumalembera pa maondo, ndinkadziona katswiri. Anzanga ankanditcha Mmalawi chifukwa ndinkati "aphunzitsi" iwo akuti "apulofesoro". Ine sindinkadandaula, poti mwa onsewo amene anaona dziko ndinali ine.

Asiyatu anali mwana wa msodzi wa ku Chiuta, ndipo ankakhala ndi azakhali ake ogulitsa nsomba zouma pasiteshoni. Anali kamtsikana kowonda, ka mawu osasa, konunkhira utsi wa milamba. Sewero la anthu ochokera kutali anali asanaonerepo ngakhale limodzi. Koma anali m'kagulu ka zisudzo, ka teyatulo monga tinkanenera, ka apulofesoro Kalisto chitsegulireninso sikola ija. Anasewerapo nkhalamba, mbuzi, mwana wodwala, ndipo akakhala kuti alibe mbali ankakhala kuseri kwa makapulana awiri, nsalu zovala amayi zija, amene ankamangidwa pakati pa mitengo ngati chotchinga. Ine m'kaguluko sindinalowe. Ndinkati zosewera mbuzi si za ine, ine ndine wolemba.

Nyengo yokolola ili mkati, apulofesoro Kalisto analengeza kuti pa tsiku la ana, loyamba la Juni, sikola yathu idzatumiza sewero limodzi ku vila ya Mecanhelas, tawuni ya boma lathu. Wofuna apeke, iwo asankha labwino. Osankhidwawo adzakwera kamiyau, lole yaikulu ija, ndipo dzina la wopeka lidzatchulidwa pa chimkuzamawu. Ha, mtima wanga unafika kale ku vila tsiku lomwelo.

Ndinadzaza kadelino yense, kope langa lolembamo kusikola. Sewero langa linali la mlandu wa munda, munthu wobwerera kuchokera ku Malawi atapeza mnzake akulima m'munda mwake. Munali abambo anayi, aliyense ndi mawu ake ataliatali, miyambi yothithikana, ndendende zimene ndinkaonera kumsasa. Asiyatu anabwera ndi kapepala kamodzi kokhala ndi madontho a mafuta a nsomba. Lake linali la msodzi woopa jakisoni. Ndinaseka mpaka kugwira nthiti.

Chimene sindinkadziwa, poti ndinali ndisanasuzumirepo kuseri kwa makapulana, n'chakuti gulu lonse linali ndi buluku limodzi. Linali lakale la apulofesoro, lotuwa, la chigamba pabondo, ndipo ankamangira chingwe cha khonje m'chiuno. Nthawi imeneyo ife anyamata tonse tinkavala makabudula ong'ambika, ndiye mnyamata akavala bulukulo anthu ankadziwa kuti uyu ndi bambo wamkulu. Popanda buluku unali mwana basi, ngakhale udzipake phulusa m'mutu.

Tsiku loyesa sewero langa, abambo anga anayi anatulukira pamodzi, mmodzi wa buluku, atatu a makabudula. Atayamba kukangana, ana oonerera anasokonezeka. Kamnyamata kena ka kalasi yoyamba kanafunsa mokweza kuti ana atatuwo akuwatukwaniranji bambo awo. Kenaka mwera unawomba, mawu anga ataliatali aja n'kuuluka nawo. Fasitino, amene anavala buluku, anaiwala theka la mawu ake n'kungoima manja ali lende, akundiyang'ana. Ndinamva kutentha m'makutu.

La Asiyatu linayenda ngati madzi a mu ngalande. Munali abambo awiri, msodzi ndi malume ake, koma sankaonekera pamodzi. Msodzi akalowa kuseri, atsikana ankayambitsa nyimbo ya ndime ziwiri, ndipo ndime ziwirizo zinali zokwanira kuti wina avule, wina avale, chingwe chimangidwe. Aliyense anali ndi chogwira m'manja, uyu nkhafi, uyu lichero. Mawu anali afupiafupi, ndipo wolankhula ankatembenuka kuti amve ngakhale okhala kumbali. Ndinaona ndithu kuti n'labwino, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Apulofesoro anasankha la Asiyatu, ine anangondisisita pamutu n'kunena kuti ndimalemba bwino Chinyanja.

Masiku otsatirawo ndinali ngati wodwala. Ndikamva nyimbo ya ndime ziwiri ija atsikana akuimba pachitsime, ndinkapatuka n'kudzera njira ina. Ndinkauza aliyense kuti ku Malawi sewero lotere angalithamangitse ndi miyala. Mayi anga anafika pondifunsa ngati ndili ndi njoka za m'mimba.

Kutatsala masiku awiri kuti apite ku vila, gululo linayenera kuonetsa sewerolo kwa makolo ndi akulu a sikola. Masana a tsikulo, anzanga ali kalikiliki kusesa bwalo, ndinaona buluku lija litayanikidwa pa nthambi kuseri kwa nyumba ya apulofesoro. Sindinaganize kawiri. Ndinalipinda, n'kulilowetsa m'malaya, n'kuthamangira m'munda wina wokololedwa kale, kumene ndinalikankhira pansi pa mulu wa mapesi. Maganizo anga anali akuti sewero la Asiyatu likagwa, atenga langa. Zoti langalo linkafuna mabuluku anayi sizinandifike m'mutu n'komwe. Nsanje ilibe nzeru, anthuni.

Ndinabwerera n'kukhala kutsogolo monga mwa chizolowezi changa. Makolo anali atadzaza, amayi a pasiteshoni ndi madengu awo, azibambo achisilamu ndi zisoti zawo zoyera. Kuseri kwa makapulana kunkamveka manong'onong'o ndi mapazi othamangathamanga, ine mtima uli phee ngati ndadya uchi. Patapita kanthawi, Fasitino anatulukira. Anali atamanga kapulana ya maluwa ofiira m'chiuno, nkhafi ili paphewa, miyendo yake yowonda ili pamtunda. Anayang'ana anthu mwaukali n'kunena kuti:

"Mukuseka chiyani? Mkazi wanga wachapa buluku langa, ndilibe lina. Ndiye kuchipatalako ndipita bwanji?"

Bwalo lonse linaphulika. Ine sindinamvetse msanga chifukwa chimene akuluakulu ankasekera mpaka kupukuta misozi. Koma ndi bambo uti pabwalo paja amene anali ndi mabuluku awiri nkhondo itangotha? Aliyense anakhalapo m'nyumba tsiku lathunthu kudikira kuti lake liume. Asiyatu anali atasintha sewero lonse m'kanthawi kochepa kaja. Tsopano msodzi ankazemba jakisoni ponamizira buluku, ndipo malume ake anabwera atavala chiguduli, akuti lawo anabwereketsa kwa wopita kumaliro. Bambo anga enieni, amene sankaseka wamba, ndinawaona akumenya pansi ndi chikhatho. Sewero lija linakoma kuposa poyamba, ndipo amene ndinalikometsa ndinali ine.

M'mawa mwake ndinakatenga bulukulo n'kulibwezera pa nthambi, chiswe chitayamba kale kulawa mwendo umodzi. Ndikutembenuka, ndinapeza Asiyatu ataima ndi ndowa yake. Anayang'ana chisoso chimene chinamatirira pa buluku, n'kuyang'ananso chisoso cha pa kabudula wanga. Ndinadikira kuti akuwe. Iye anangoti:

"Mmalawi iwe, poti umadziwa kumene buluku limagona, ukhale wolisunga."

Kwa apulofesoro sanakanene. Anangowapempha kuti ndilowe m'gulu, ndizikhala kuseri. Choncho ku vila ndinapita, kamiyau ndinakwera, koma dzina limene linamveka pa chimkuzamawu linali lake. Ndipo ine, katswiri woonera, sewerolo sindinalione. Ndinali kuseri kwa makapulana, ndikumanga anthu ziguduli poti sewero linapita monga mmene Asiyatu analisinthira, ndikupatsira nkhafi, ndikuletsa mphepo kuti isativundukule. Kumeneko ndinamva zimene sindinamvepo ndili kutsogolo, wosewera akupuma wefuwefu, anthu akayamba kutopa n'kumatsokomola. Ndinakhala kuseri zaka ziwiri, kenaka ndinasewera mbuzi. Sewero langa loyamba kuseketsa anthu ndinalemba pambuyo pa mbuziyo.

Lero zinthu zinasintha. Makalamidade, zovala za kaunjika zija, ali mbwee pamsika, mwana aliyense ali ndi buluku, ndipo zisudzo amaonera pafoni, zambiri kuposa zimene ine ndinaonera moyo wanga wonse. Ndine mphunzitsi ku vila, gulu la teyatulo la pasikola pathu lili m'manja mwanga. Ana amandibweretsera masewero okhala ndi magalimoto ndi ndege, ndipo ndisanawerenge ndimayamba ndawatuma kuseri.

Asiyatu sanapitirize sikola. Anakwatiwa ku Chiuta, ndipo amagulitsa nsomba ngati azakhali ake. Ndisabise, zimenezi zinkanditonthoza mtima mwakachetechete, kuti pamapeto pake wolemba ndine. Chaka chatha anabwera ku vila ndi dengu lake tsiku limene ana anga ankaonetsa sewero limene ndinalikonza miyezi itatu. Anaima kumbuyo, mdzukulu ali kumsana. Titamaliza anthu anaomba m'manja, ine n'kupita kukamulonjera, ndikuyembekeza kuti ayamikire. Anandipatsa moni waulemu wonse, anafunsa za kunyumba, kenaka anati:

"Lakoma, apulofesoro. Koma mtsikana wosewera mayi uja mwamuimika nthawi yaitali wopanda chogwira. Mukanam'patsa lichero."

Anasenza dengu lake n'kumapita. Miyezi itatu yonse ndinkaona kuti pamalo pamenepo pali chosowa, osadziwa kuti n'chiyani. Ndinaima pomwepo, bambo wa imvi, makutu akutentha. Lolemba lake ndinakagula lichero.