Khoma la Pakati pa Shedi ya Fodya

Lesitilanti ili m'mbali mwa msewu wa ku bodala ija, momwe madalaivala a mathiraki amadyeramo, poyamba inali shedi ya fodya, ndipo amene anaimanga ndine. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndikuvomera, koma nyumba zimene ndamanga kuchokera ku Mkanda mpaka pa boma palibe inagwa. Mukafunse.

Kwathu ndi kwa Mavwere, kuno ndinabwera kudzakwatira, ndiye malo amene pali shediyo ndi a kwawo kwa mkazi wanga. Fodya akadali fodya, ndinaumba njerwa ndekha, kuwotcha ndekha, n'kumanga zipinda ziwiri, china chosankhiramo, china chosungiramo mabelo. Pa denga pankafunika mtanda, mtengo wautali umene umayenda pamwamba penipeni n'kunyamula mitengo ina yonse ndi malata omwe. Bulugama wotalika chonchi ngolo sikanatha kunyamula, choncho ndinabweretsa awiri n'kuwalumikiza pamwamba pa khoma la pakati. Polumikizirapo ndinapakwirira ndi njerwa, munthu ali pansi sangapaone. Denga lonse linakhalira khoma limenelo.

Mkazi wanga atamwalira, fodya tinasiya, m'shedimo munkangokhala matumba a mtedza ndi makoswe. Mwana wanga wamkazi woyamba, amene ankaphikira madalaivala pansi pa mtengo pa bodala, anati akufuna aisandutse lesitilanti. Mtima wanga unayera. Koma zokonza anazitenga ndi alamu anga, mchimwene wa malemu, mwini mbumba. Iwowo anaitanitsa munthu wojambula mapulani kuchokera ku Lilongwe. Ine amene ndinamanga nyumbayo ndinangomva kwa ogulitsa makala kuti kwabwera mlendo akuyeza shedi yanu.

Ndinamupeza atatambasula tepi, nsapato zosongoka, akujambula makoma ndi foni. Ankafuna mawindo aakulu oyang'ana kumsewu, khitchini kumbuyo, khonde la matebulo. Zimenezo sindinatsutse. Kenako anagogoda khoma la pakati n'kunena kuti ili lichoke, odya azionana, mphepo iziyenda.

"Khoma limeneli silichoka," ndinatero.

"Madala, ili n'longogawa zipinda. Njerwa zake n'zomangira dothi, mphamvu lilibe."

"Mwakwera pamwambapo?"

"Palibe chokwerera. Mtanda ndikuuona ndili pompano, ukuchokera uko mpaka uko."

"Mitengo ndi iwiri imeneyo, bwana wa tepi. Yakumana pamutu pa khomali. Pezani makwerero muone."

Anaseka n'kuyang'ana alamu anga. Alamuwo anakonza kolala nati, "Alamu, mawu anu ndi aakulu, timakumvani mpaka ku Chipata. Koma uyu anapita kusukulu ya zimenezi. Komanso malo ano ali ndi eni ake. Inu munabwera ndi kachikwama, zolamula mukalamule kwa Mavwere."

Zaka zonse zimene ndakhala pamudzi pano, kulima minda yawo, kukumba manda a abale awo, kuwafolera nyumba, lero kachikwama. Ndinatembenukira mwana wanga kuti anenepo kanthu. Anangoti, "Ababa, asiyeni, amalume anena kale." Sindimuda, mwambo ndi womwewo, mwana ndi wa kuchikazi. Koma amene azidzaima pansi pa dengalo tsiku ndi tsiku ndi mbale m'manja anali iyeyo, osati amalume akewo.

Khoma analigwetsa m'chilimwe. Ogwetsawo anaona ndithu kuti mitengo ndi iwiri, koma anangomenyapo kathabwa ndi misomali, pansi pake n'kukhoma siling'i yoyera, zonse zinabisika. Denga silinagwe, chifukwa malata ndi misomali yanga yakale zinali zikugwirana. Apa mpamene anandiseka bwino. Tsiku lotsegulira, alamu anga ananditumizira uthenga kuti ndibwere ndidzadye nkhuku, ndipo ngati ndikuopa ndivale chipewa cha njinga yamoto. Sindinapite. Miyezi inayi ndinkadutsa pamsewu osalowa, maso ali pa denga, ndipo msana wake ndinkauona ukutsika pang'onopang'ono ngati wa ng'ombe yokalamba. Ndinauza mwana wanga kawiri. Anati amalume akuti nyumba zakale zimaoneka choncho.

Mvula yoyamba inabwera ndi chimphepo. Kutacha, mwana wanga anafika kunyumba kwanga, chitenje chili chonyowa, nakhala pansi osalonjera n'komwe.

"Ababa, siling'i yachita mimba pakati. Ikumalira."

"Muli anthu?"

"Madalaivala akumwa tiyi."

Njinga ndinapalasa ngati wakuba. Nditalowa sindinapereke moni kwa aliyense. Ndinakuwa kuti aliyense atuluke, ndipo tsiku limenelo mawu anga aakuluwo anagwira ntchito. Dalaivala wina wa ku Zambia, chimunthu chamimba, anati, "Mudala, nikalibe kusiliza tiyi." Ndinamuuza kuti akamalizire panja, apo ayi akamalizira kumanda. Anatuluka ndi kapu yake. Ndinang'amba siling'i ndi chikwanje, anthu onse anaona okha: kathabwa kaja katasweka, mitengo iwiri italekana, mpata wolowa dzanja. Tinachirikiza ndi mizati iwiri ya bulugama imene ndinabwereka kwa wogulitsa matabwa, n'kukhomera timatabwa pansi pake mpaka mtanda unabwerera m'malo.

Wa mapulani uja atamuimbira foni anati ali kutali, ndipo vuto ndi mitengo yakale. Alamu anga anafika masana, nayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako n'kuuza mwana wanga, ine ndili pomwepo, kuti uwauze bambo akowa akonze.

"Pakamwa muli napo, alamu," ndinatero. "Ndili pano."

"Chabwino. Konzani."

"Khoma silibwerera, matebulo alowa kale. Pafunika chipilala cha njerwa, cha simenti, maziko ake ofika m'chiuno. Ndimanga. Koma wokanya matope ndi wondipatsira njerwa mukhala inuyo. Wina aliyense akagwira fosholo, ine ndanyamuka ndi kachikwama kanga."

Anayang'ana mwana wa mlongo wawo, nayenso anawayang'ana osaphethira. Lesitilanti inali yotseka, madalaivala atayamba kale kudya kwa ena.

Masiku anayi mwini mbumba anavula jekete, kupinda buluku, kukanya matope pamaso pa anthu odutsa. Ndikati matopewa auma, ankathira madzi. Ndikati njerwa iyi njopindika, ankabweza n'kutenga ina. Ndinabweza zambiri, zina zabwinobwino. Tsiku lachinayi ndinakwera, ndinamanga mitengo iwiri ija ndi zitsulo, n'kuikhazika pa chipilala, kenako tinachotsa zochirikiza. Denga silinalire.

Mwana wanga anatsegulanso Lolemba lake. Alamu anga mawu oti pepani sanawatulutse, ndipo ndikudziwa sadzawatulutsa. Tikakumana pamaliro amandipatsa moni akuyang'ana kumbali, ine ndimayankha mokweza kuti onse amve.