Malonje a Laputopu ya Mayi Mhango

Mukafika ku Old Town n'kufunsa za a Lexon Chimphonda, ambiri angopukusa mitu. Koma nenani kuti mukufuna a Malonje, ngakhale mayi wogulitsa nthochi pakona akulozerani. Ndi kakhonde kopanikizika pakati pa telala ndi sitolo ya zitsulo, tebulo limodzi, ndi bambo wa imvi za m'mbali atawerama pa laputopu yomwe mwini wake anaitayira kale mtima.

Kwawo ndi ku Mitundu. Anabwera m'tauni kudzakonza mawailesi, mawailesi atachepa anasamukira ku mafoni, kenako anakhazikika pa makompyuta. Koma si aliwonse ayi. Iwo mtima wawo uli pa timalaputopu tating'ono, totopa, tomwe ukatiyatsa umatha kukagula mandasi n'kubwerako tisanadzuke.

Laputopu yaing'ono, amatero iwo, ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi. Mukangoiyatsa, kuseri kwa sikirini kumadzuka timapulogalamu tambiri tomwe simunaitane. Kena kamadikirira pulinta, kena kamafunafuna zipangizo zopanda waya, kena kamasanthula mafayilo onse, kena kamalandira zithunzi pa intaneti. Tonseti timadya memore, timamwa batire, mpaka fani imalira ngati chigayo. A Chimphonda amati amenewa ndi alendo, ndipo mlendo safika pakhomo osafunsidwa malonje. Wachokera kuti? Wadzatani? Akumufuna ndani muno? Wopanda yankho amamuperekeza mwaulemu, n'kumuzimitsa kuti asadzukenso.

Koma asanafunse alendowo amayamba ndi mwini nyumba. Amamukhazika pa benchi n'kumufunsa mmene amagwirira ntchito kuyambira m'mawa. Ena amatopa nazo. Akazi awo a Marcelina amawaseka kuti akanakhala namwino, odwala akanamachira kapena kufa mafunso asanathe. Iwo amangoti safunsa anadya phula. Ndipo kunena zoona, ntchito yawo amainyadira, mwina mopitirirako pang'ono. Laputopu yochoka m'manja mwawo sibwerera.

Imodzi yokha inabwerera, ndipo ndi imene ndikufuna kukuuzani.

Tsiku lina kunaima galimoto yoyera, n'kutsikamo a Dalton Mhango, mkulu wogwira ntchito m'boma ku City Centre. Anatulutsa kalaputopu kakuda, kokalamba, zilembo zina za pa kiyibodi zitafufutika.

“Ndi ka amama,” anatero a Dalton. “Kanali ka malemu adada. Ndawagulira yatsopano koma akukana. Kakuchedwa heve. Tangokapepuzani.”

“Eni ake ali kuti?”

“Ali kunyumba, ku 43. Ndi achikulire, sitingawavutitse ndi fumbi lino. Funsani ine.”

Apa m'pomwe a Chimphonda anaphonya. Kwathu kuno munthu wamkulu sapanikizidwa ndi mafunso mwana wake alipo. Mwana ndiye pakamwa pa kholo. Choncho malonje anafunsa kwa a Dalton, ndipo a Dalton anayankha zomwe ankadziwa. Amayi awo, a Deborah Mhango, anali mlembi m'boma mpaka kupuma. Tsopano amalemba maphunziro a amayi a ku mpingo kwawo, amasindikiza, ndipo Loweruka likudzalo ndiwo adzaphunzitse pa msonkhano waukulu wa amayi. Kupatula apo, zithunzi basi. Adzukulu ali kunja, ndipo a Dalton anaikamo pulogalamu yoti zithunzi zawo zizifika zokha.

“Imeneyo musaikhudze,” anatero. “Ndi chisangalalo chawo.”

A Chimphonda anagwira ntchito yawo mwaukhondo. Mlendo wa pulinta anamusiya, wa zithunzi anamusiya ngakhale anali wosusuka kuposa onse. Wosanthula mafayilo anapita. Atafika pa kena komwe ntchito yake ndi kuwerenga mokweza zolembedwa pa sikirini, sanaganize kawiri. Kameneka amakapeza m'makompyuta ambiri kakungodya chabe, eni ake osakadziwa n'komwe. Anakazimitsa, laputopu n'kupepuka, a Dalton n'kuitenga akumwetulira.

M'mawa mwake foni inalira. Anali Mayi Mhango, mawu a mayi wachikulire, odekha, Chichewa chake chonunkhira kumpoto. Anati pulinta yavuta, abwere okha, ndipo abwere mwana wawo ali kuntchito.

A Chimphonda zinawawawa. Pulinta? Iwo amene anaiyesa ndi manja awo? Anakwera minibasi, n'kutsika pomwe minibasi zimalekezera, n'kuyenda wapansi limodzi ndi alonda ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba, kudutsa mipanda italiitali ya ku Area 43. Njira yonse ankakonza mawu odzitetezera.

Anawapeza Mayi Mhango atakhala pa tebulo lodyera, msana uli chilili, laputopu patsogolo pawo. Mayiwo anatuma wantchito ku golosale, ndipo geti litatsekeka anatembenukira komwe kunali mlendo wawo. Maso awo anadutsa pambali pang'ono pa nkhope ya a Chimphonda.

“Adada, pulinta ili bwinobwino. Mwandithamangitsira mzungu wanga.”

“Mzungu uti, amayi?”

“Amene amandiwerengera.”

Mayiwo anafotokoza mosadzimvera chisoni. Maso anayamba kuchita nkhungu amuna awo akali moyo, ndipo malemuwo ndiwo anawayatsira mawu aja mwakachetechete. Kulemba sikuwavuta, zala zinaloweza kiyibodi kalekale ku ofesi. Akalemba amavala mahedifoni, mzungu uja n'kuwawerengera mobwerezabwereza mpaka zonse zitalowa m'mutu. Kumpingo amaimirira pepala lili m'manja, n'kumatembenuza masamba ngati akuwerenga. Palibe ankadziwa, ngakhale a Dalton.

“Akadziwa andikhazika pansi,” anatero. “Adzati amama pumulani, amama musatuluke. Mwana wabwino, koma chikondi chake chimamanga miyendo. Ndidzamuuza ndekha, nthawi yanga ikakwana. Loweruka lino ndikufuna kuimirira.”

A Chimphonda anachita manyazi, manyazi enieni. Munthu wotchuka ndi mafunso, funso lofunika osalifunsa! Anayatsanso mawu aja, ndipo nthawi yomweyo kamzungu kanayamba kuwerenga Chitumbuka ngati kakutafuna chimanga chokazinga. Mayi Mhango anaseka mpaka kupukuta misozi.

“Ndi yemweyo. Chitumbuka chake sichinasinthe.”

Koma vuto loyamba linabwerera. Pulogalamu ya zithunzi ikayamba kukoka katundu wake pa intaneti, mawu aja ankadukaduka, nthawi zina kuima pakati pa vesi. M'chipinda chimodzi alendo awiri aakulu chotere sakwanamo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ulendo uno a Chimphonda anakoka mpando n'kufunsa malonje kwa mwini nyumba weniweni, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, monga anayenera kuchitira poyamba. Pomaliza anawauza mosabisa kuti mmodzi ayenera kupita.

Mayi Mhango anaika dzanja pa laputopu.

“Zimitsani zithunzi. Ndinasiya kale kuziona. Ndimangoti, ‘Akula bwanji!’ kuti Dalton asangalale.”

Loweruka linadutsa. Lolemba a Dalton anafika pakhonde paja nkhope ili gwaa. Sanakuwe, koma mawu awo anamveka mpaka kwa telala. Anati anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo chimodzi chomwecho n'chimene chawonongedwa. Anati mbiri yonse ija ya a Malonje inali yongokometsera.

Yankho linali pamilomo pa a Chimphonda. Mawu ochepa chabe akanatsuka dzina lawo pamaso pa telala, wa nthochi, ndi makasitomala awiri omwe anali pa benchi. Anawameza.

“Makinawo ndi aang'ono, bwana. Ndinasankha.”

“Munasankha molakwika.”

“Pepani.”

Mmodzi mwa makasitomala aja ananyamula laputopu yake n'kunyamuka mwakachetechete. Madzulo a Marcelina anaona kuti amuna awo sakudya bwino, koma atafunsa anangoyankhidwa kuti ndi za kuntchito. Chinsinsi cha mwini sachiika m'mbale, ngakhale kunyumba.

Panapita masabata angapo. Majakaranda atayamba kuyoyola maluwa m'misewu, galimoto yoyera ija inaimanso. A Dalton anazungulira n'kutsegula chitseko china, ndipo Mayi Mhango anatsika atagwira mkono wa mwana wawo, poyera, anthu onse akuona. A Dalton ankawauza motsitsa mawu pomwe pali ngalande ndi pomwe pali sitepe.

“Adada, muli uli?” anatero mayiwo atakhala pa benchi. “Loweruka lija ndinaimirira mpaka kumaliza, osaphonya ndi liwu limodzi. Ndiye ndinaona kuti tsopano ndingathe kumuuza Dalton za maso anga. Wandiuza zomwe anakunenani. Ndabwera naye.”

A Dalton anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anagwira dzanja la a Chimphonda ndi manja awiri, ndipo kupepesa kwawo kunamvekanso mpaka kwa telala. Kenako anaika kalaputopu kakuda kaja pa tebulo.

“Ndawauza ana kuti asiye kutumiza zithunzi, azijambula mawu awo. Kodi malo angapezeke, kuti mawuwo azifika okha?”

A Chimphonda anatsegula laputopu ija, chifuwa chitadzaza ndi chimwemwe moti sanafune kuti anthu awaone m'maso. Mawu ndi mlendo wopepuka, sadya zambiri. Koma a Chimphonda sanawayankhe a Dalton. Anatembenuza mpando wawo kuloza ku benchi.

“Amayi, inu mukumufuna mlendo ameneyu?”

“Mulowetseni,” anatero Mayi Mhango. “Kamdzukulu kakang'ono kaja sindinakamvepo kakulankhula.”