Chaka Chimene Agogo Anathyoka Mwendo

Pa maliro a agogo anga, mkulu wa mpingo anaimirira n'kuuza anthu kuti malemuwo anali mayi wofatsa, wosadziwa kukweza mawu. Ife a pabanja tinangoweramitsa mitu, anthu n'kumayesa kuti ndi chisoni. Amalume anatsokomola mpaka wina anawapatsa madzi. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje, chifukwa kuseka pamaliro a munthu amene anakulera ndi mlandu, ngakhale mwini wakeyo akanakhala woyamba kudzuka n'kufunsa kuti, "Kodi akunena maliro a ndani?"

Kwathu ndi kufupi ndi Mitundu, mukapatuka pang'ono njira ya ku Malingunde. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono, ndiye anandilera ndi agogowo, mayi awo a mayi anga. Pa mwambo wathu mwini mbumba anali amalume, ndipo udindowo ankaugwira mwaluso: agogo akanena chinthu, iwo ankachibwereza ndi mawu achimuna. Munda uti alime ndani, mbuzi iti igulitsidwe, mkamwini uti wayamba kunenepa mosagwirizana ndi ntchito yake, zonse zinkagamulidwa pakhonde la agogo.

Chikondi chawo chinkafuna munthu wozolowera. Ndikakhoza mayeso ankati aphunzitsi anachonga ali ndi tulo. Ndikasesa pabwalo ankafunsa ngati padutsa njoka. Koma sindinapiteko kusukulu ndi njala, ndipo tsiku lina mnyamata atandigenda panjira, agogo anakakhala pakhomo pa makolo ake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kuwafotokozera mbiri ya mtundu wawo wonse.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali nditakwatiwa kale, ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Nathenje. Agogo anali atakalamba ndithu, koma palibe amene analimba mtima kuwadziwitsa. Tsiku lina nkhumba ya anthu oyandikana nawo inalowa m'mizere yawo ya mbatata. M'malo moitana ana, anainyamukira okha ndi mpini wa khasu. Anaterereka m'ngalande, mwendo n'kuthyoka. Nkhumbayo sinavulale paliponse. Anawanyamula pa ngolo mpaka kuchipatala, kumene anawaika chikhakha kuyambira pachala mpaka pantchafu, n'kuwauza kuti asaponde, asalime, asatunge madzi.

Banja linasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuti tione wowasunga. Tsiku limenelo aliyense anawakonda agogo ndi mtima wonse, kungoti mitimayo inalibe chipinda chogona. Amalume anayankhula nthawi yaitali za mangawa a mwana kwa make, kenako anakumbukira kuti khomo la nyumba yawo lili ndi masitepe. Mayi aang'ono okhala ku tauni anatsala pang'ono kulira: akanakonda kwambiri, koma ana awo anali pafupi kulemba mayeso. Ana amenewo ankakhala pafupi kulemba mayeso chaka chonse. Pomaliza maso onse anagwera pa ine.

"Aphunzitsi amaweruka masana," anatero amalume. "Komanso kwa iyeyu kulibe phokoso la ana. Amayi akapuma bwino."

Anazinena mokoma, ngati akundiyamikira. Ndinali nditakhala pabanja zaka zingapo opanda mwana, ndipo anthu anali ataphunzira kundibaya akumwetulira.

Agogo anali pamphasa, mwendo woyerawo atautambasula. Anawayang'ana ana awo mmodzimmodzi.

"Chabwino," anatero. "Kubereka ndinabereka ine, kogona ndikagona kwa mdzukulu. Nkhumba ija inali ndi ulemu. Inayamba yandiyang'ana kumaso."

Anafika ku Nathenje ndi thadzi lawo la mawanga, kabotolo ka fodya wa m'mphuno, ndi khasu limene dokotala anawaletsa. Amuna anga anawanyamula kuchoka m'galimoto mpaka m'nyumba. Iwowa ndi munthu wachete, amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo malaya awo amasita okha. Monga mwa nthabwala za agogo ndi adzukulu, agogo ankawatchula kuti "amuna anga", ine n'kukhala "mkazi mnzanga". Ena amangochita zoseka. Agogo anautenga ngati udindo.

Tsiku loyamba lomwelo anayendera nyumba ndi maso. Pansi ndinali nditapaka polishi wofiira kuti alendo aone.

"Wachita bwino, mkazi mnzanga," anatero. "Ukufuna ndithyolenso winawu kuti ifanane."

Anaona maluwa amene ndinabzala kutsogolo kwa nyumba.

"Amenewa amakoma ndi nsinjiro kapena ndi tomato?"

Sabata isanathe, amuna anga, munthu amene sankalola fumbi pansapato, anali atapinda buluku akuzula maluwawo n'kufesa mpiru. Agogo ankalozera ndi ndodo ali pakhonde, kuwauza kuti wogulitsa mbewu wosadziwa kufesa ali ngati m'busa wosabatizidwa. Amuna angawo ankangoseka. Ine ndikawatuma kukatunga madzi ankamva msana.

Khonde lathu linayang'ana njira yopita kusukulu, ndipo agogo analisandutsa ofesi. Mwana wochedwa ankafunsidwa dzina la mayi ake, ndiponso ngati kwawo tambala anafa. Akazi a aphunzitsi anzanga ankauzidwa kuti nyemba sazitsukuluza choncho, ngakhale sanafunse. Ahedi anadzandithokoza kuti ana asiya kuchedwa. Sanadziwe kuti anawo anangotsegula njira ina kuseri kwa chitsime.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene agogo sanachikhudze. Ankanena za tiyi wanga, tsitsi langa, mayendedwe anga, koma za mwana sanatchule ngakhale kamodzi. Zimenezo zinkandiopsa kuposa china chilichonse. Munthu amene ankadzudzula ngakhale mtambo woti wabwera opanda mvula sakanalephera kuona kuti pachingwe changa sipayanikidwa thewera. Ndinkangodikira tsiku lake.

Amene anayamba ndi ena. Loweruka lina chakumasana kunafika apongozi anga, mayi awo a amuna anga, pamodzi ndi alamu anga aakazi. Anthu awiriwa anali atandisamalira kwa zaka. Anandipatsapo mizu yowawa ngati ndulu. Ananditengerapo ku mapemphero a kuphiri kumene mlaliki anandikankha pamphumi mpaka ndinagwa kuti angondisiya. Tsiku limeneli anabwera ndi dengu la ufa komanso nkhope za anthu opita kukapepesa maliro.

Tinakhala pabalaza. Agogo anali panja pakhonde, pafupi ndi zenera, atafunda chitenje kumutu ngati agona. Ndinagwada kuthira tiyi. Apongozi anadikira kuti nditsirize, poti ndi anthu aulemu.

"Mwana wanga," anatero kwa amuna anga, ngati ine ndatuluka, "ife tadikira mokwanira. Nkhuku ikapanda kuikira, mwini wake amaona chochita. Kumudzi kuli mayi wina wamakhalidwe abwino, ali kale ndi mwana mmodzi, ndiye palibe chokayikitsa. Sitikuti awa achoke ayi. Ife si anthu oipa."

"Ife si anthu oipa," anavomereza alamu, akuthira shuga wachitatu.

Amuna anga anayang'ana nsapato zawo. Ine ndinali ndidakali chogwada, ketulo ili m'manja, ndipo ndinamva kutentha kumaso ngati ndasuzumira m'ng'anjo ya njerwa.

Panja panamveka kuyetsemula kwa fodya.

"Amuna anga! Tadzandinyamulani. Ndamva kuti kukukambidwa za nkhuku, ndipo nkhuku pano ndili nayo ndine."

Anawalowetsa n'kuwakhazika pampando, mwendo wa chikhakha utaloza apongozi ngati mfuti. Anapereka moni wonse bwinobwino, kufunsa za kumudzi, za fodya ngati wagulidwa bwino chaka chino, za chifuwa cha abambo akunyumba. Kenako anapinda manja.

"Asewere, tandiphunzitsani, poti ine ndine mbuli. Kwanuko mazira akapanda kuswa, mumapha thadzi osamufunsako tambala?"

Apongozi anaseka pang'ono. "Kumtundu kwathu kulibe zimenezo, agogo."

"Kwathunso kulibe. Ine ndinabereka chigulu. Ndi aja anandisowera pogona. Ngati mukufunitsitsa ana, nditha kukupatsani anga. Ndi aakuluakulu kale, amadya okha, wina ali ndi masitepe."

Alamu anatsamwa ndi tiyi. Agogo sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa amuna anga, ndipo nthabwala ija ya "amuna anga" inali itatha.

"Bambo, nsapatozo zikukuuzani chiyani? Mwana wagwada apayu ndinalera ine. Ndi waulesi, tiyi wake ndi uyu mukumuonayu, koma sindinamutole pamsewu. Ngati mwatopa naye nenani pano, dzuwa likadalipo. Mutipezere galimoto tizipita, ine, iye, ndi thadzi langa. Ilo ndiye likuikira, musadandaule."

Kunja ana a aneba ankamenya mpira wa mapepala. Amuna anga anapukuta manja pa maondo, kenako anadzutsa mutu.

"Amayi, mkazi wanga ndi uyu, ndipo wina sindikumufuna." Anawayang'ana mayi awo m'maso. "Kuchipatala tinapita tonse awiri chaka chatha. Anatiyeza. Vuto si la iyeyu. Ndi langa. Iyeyu wakhala akumwa mizu yanu kuti anditchinjirize ine."

Ndinali nditalumbira kuti nkhani imeneyo ndidzapita nayo kumanda. Lero ndikuilemba chifukwa mwini wake anandilola, ati anatopa kale kuyang'ana nsapato.

Sindinaonepo chikhulupiriro chikukula msanga ngati tsiku limenelo. Apongozi anapumira m'mwamba n'kunena kuti ana ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, si chinthu chokakamiza. Alamu anawonjezera kuti banja ndi chikondi, ndipo anthu akunja asamalowerere. Ankanena akundiyang'ana ine, ngati ndine ndinabweretsa nkhani ya mayi wa kumudzi uja. Anakumbukira kuti minibasi zimavuta Loweruka, ananyamuka tiyi asanathe. Dengu la ufa analisiya. Agogo anati tiliyang'ane bwino, mwina mkazi uja ali pansi pake.

Ine ndinathawira panja n'kulira mmene sindinalirepo chimwalirire mayi anga. Sindikudziwa kuti ndinkalirira chiyani kwenikweni, manyazi, mpumulo, kapena chisoni cha amuna anga amene anadzivula pamaso pa mayi awo. Patapita nthawi ndinamva ndodo ikugogoda zenera.

"Iwe, mkazi mnzanga! Ukuthirira mpiru? Bwera kuno."

Ndinapita n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Alendo athawa chifukwa cha tiyi wako," anatero. "Ndinakuuza kuti masamba suwerengera."

Akunena zimenezo anali atandigwira pamkono, ndi dzanja lawo lija lokhakhala ngati khungwa la mtengo, ndipo sanandisiye mpaka mthunzi unafika pa chingwe choyanikira zovala. Sanandifunse chifukwa chake ndinawabisira. Sanatchulenso nkhaniyo moyo wawo wonse, kwa ine kapena kwa wina aliyense kumudzi, chinthu chimene kwa munthu wa pakamwa ngati pawo chinali chozizwitsa choposa za kuphiri zija.

Chikhakha anachichotsa nthawi yokumba mtedza itayandikira. Dokotala anati ayambe pang'onopang'ono. Agogo anamuthokoza kwambiri, m'mawa mwake n'kulamula kuti abwerere ku Mitundu, poti anthu amene anasiyira munda sadziwa kusiyanitsa mtedza ndi chisoso. Anawaperekeza ndi amuna anga. Kuchokera pamenepo awiriwo anakhala pa ubwenzi wondinyansa. Munthu akamachokera kumudzi ankabwera ndi thumba la mtedza la "amuna anga", ine n'kulandira uthenga woti ndawonda ndipo anthu aziyesa kuti kwathu kulibe ankhoswe.

Mwana sitinakhale naye. Banja lilipobe. Patapita zaka alamu aja anatitumizira mwana wawo wamkazi kuti aziphunzira kwathu, poti kwathu kulibe phokoso, ndipo tinamulera mpaka anamaliza sekondale.

Agogo anakhalanso zaka zingapo, akutsimphina pang'ono, akulamulira monga kale. Anadwala nyengo yozizira, matenda a masiku ochepa. Tinasonkhana kuchipatala ku Mitundu, ndipo ulendo uno aliyense anapeza nthawi. Madzulo dzuwa lisanalowe amalume anaima kumutu kwa bedi n'kuyamba kupemphera. Anayambira kwa Adamu. Atafika pa ana a Israeli m'chipululu, agogo anatsegula diso limodzi.

"Iwe, fupikitsa," anatero. "Mulungu ali ndi anthu enanso."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva bwinobwino. Anamwalira m'mawa mwake. Apongozi anga anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, nagwira ntchito kukhitchini mpaka tsiku lometa. Amuna anga analira kuposa tonsefe, moti anthu ochokera kutali ankanong'onezana kufunsa ngati iwowo ndiye mwana woyamba wa malemu.