Masamba pamsewu wa ku Kapichi

Ntchito yotsogolera alendo panjinga ndinaigwira miyezi isanu yokha. Ndisanaipeze ndinali wakabaza pa Goliati, kunyamula amayi ndi madengu awo a tomato, mpaka njinga zamoto zinatilanda anthu onse. Sukulu ndinaisiyira Sitandade 7 nditakankha mphunzitsi amene anandigogoda m'mutu ndi lula. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala. Sindikana ayi.

Amene anandilemba ntchitoyo anali bambo wina woyang'anira nyumba ya alendo pa esiteti ina ya tiyi. Anamva kuti misewu ya m'minda ya tiyi ndimaidziwa yonse, ngakhale ija mathirakitala anaisiya kalekale. Anandipatsa njinga yopepuka ngati nsungwi, ya matayala okhuthala ndi magiya ambirimbiri, komanso chipewa cholimba chomanga pachibwano. Malamulo ake anali awiri: ndizikhala kutsogolo, ndipo alendo ndisawasiye okha mpaka nditawabweza pageti.

Alendowo ankabwera Loweruka, ambiri ochokera kunja. Phula sankalifuna. Ankafuna msewu wa dothi lofiira ndi timiyala tija timaterera pansi pa tayala, womwe ine ndinakula ndikuutukwana nditanyamula thumba la chimanga. Iwo amaujambula. Mzungu wina wamtali anandiuza kuti kwawo ku Falansa amapalasa chimodzimodzi, m'mbali mwa mtsinje, pakati pa minda ya mphesa zopangira vinyo, ndipo njira zonse zili ndi zikwangwani moti safuna wowatsogolera. Ndinangogwedeza mutu. Tinali pamtunda, mpweya wolankhulira ndinalibe.

Ndinakwatira ku Kapichi ndipo ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, monga timachitira kuno. Nyumba ndinamanga ndine, njerwa ndinaumba ndekha, koma malo ndi awo. Mwini mbumba ndi malume ake, bambo wosalankhulalankhula amene anathyola tiyi mpaka zala zinapindika. Anali atandichenjeza kawiri chifukwa cha ndewu. Kachiwiriko ananena mosakweza mawu kuti, "Akamwini, kachitatu mudzanyamula zovala zanu. Mwana adzatsala."

Loweruka lina ndinali nditakhala masiku awiri kukomboni ya esiteti tikukonza njinga, foni ilibe moto. Za kunyumba sindinkadziwa chilichonse. Alendo anali asanu ndi mmodzi, wamtali uja ali pomwepo. Tinanyamuka pafakitale, fungo la tiyi wouma likutitsata, tinadutsa othyola tiyi ndi madengu awo kumsana, tinalowa m'mitengo ya bulugama, tinaoloka mlatho wa matabwa. Ukatha mtunda wa pamenepo pali kutsetsereka kwakutali kolowera m'mudzi mwathu. Alendo ankapakonda pamenepa. Aliyense amawerama, maso pa kawotchi kowerenga liwiro.

Ndiye ndinaona masamba.

Nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu. Wobadwira kuno aliyense amadziwa kuti pamenepo pali maliro. Wagalimoto amayenda pang'onopang'ono, wanjinga amatsika n'kumakankha, wachipewa amavula, mpaka atadutsa masamba ena kutsogolo. Miyezi isanu yonseyo ndinkawauza alendo za agalu, za minga, za maenje, koma za masamba sindinawauzepo. Sizinandibwerere m'mutu kuti padziko pano pali munthu wamkulu, wandevu zake, amene sadziwa zimenezi.

Ndinagwira mabuleki n'kudumpha. "Tsikani! Tsikani!" Ndinakuwa m'Chichewa, Chizungu chonse chitandithawa. Anayi anaima poona ine ndaima. Wamtali uja ndi mnzake anandidutsa ngati mphepo, matayala akuponda masamba aja, fumbi likuwaza amayi amene anakhala pansi m'mbali mwa msewu akuimba. Nyimbo inadukira pakati.

Adzukulu, anyamata okumba manda, anali atabwera kudzamwa madzi. Anathamangira mumsewu n'kutchinga. Mmodzi anagwira njinga ya wamtali uja pachiwongolero, mwiniwake n'kugwa ndi bondo. Nditafika ndikuthamanga ndinapeza kuti amene wagwira njingayo ndi msuweni wa mkazi wanga, munthu amene sitinamwerane madzi chikwatirire.

"Eee, afika abwana a chipewa cha kamba," anatero. "Maliro ali pakhomo pako, iwe uli kosewera ndi azungu."

"Siya njingayo."

"Ndikapanda kusiya?"

"Ndati siya."

"Kalamule kwanu. Kuno unabwera ndi jumbo."

Dzanja linapita lokha. Mbamayo inamveka mpaka kusiwa. Ndinamenya munthu pamaliro, anthu a mudzi wonse akuona, chipewa changa chidakali kumutu.

Anyamata enawo anangobwerera m'mbuyo pang'ono. Pakati pa amayi aja ndinaona mkazi wanga atakokera chitenje kumaso. Ndipamene ndinayang'ana nyumba imene anthu anazungulira, n'kudziwa womwalirayo: mayi wachikulire woyandikana nafe, amene ankatisungira mwana tikapita kumunda.

Malume anadzuka pamene anakhala amuna, n'kubwera pang'onopang'ono. Alendo aja sanawayang'ane n'komwe.

"Akamwini, mwafika?"

"Ndafika, malume."

"Vulani chipewa."

Kalamba ka pachibwano kanakana kumasuka. Anandidikira mpaka ndinavula.

"Alendowa ndi alendo," anatero. "Auzeni abwerere paja pali masamba, adutse wapansi ngati anthu. Zawo zathera pomwepo."

Ndinawafotokozera ndi Chizungu changa chodukaduka. Wamtali uja nkhope inafiira, anapepesa kangapo, magazi akutsika pabondo. Onse asanu ndi mmodzi anabwerera, anavula zipewa, anadutsa akukankha njinga atazyolika. Amayi anayambanso nyimbo. Alendowo atafika pa masamba a kutsogolo anaima n'kumandidikira.

Malume anali asanathane nane.

"Kumanda apeza mwala, ntchito yaima," anatero. "Uyu mwamumenyayu akubwerera komweko. Piki ilipo ina yopanda woigwira. Kapena muperekeze alendo anu, ntchito ndi ntchito. Ine sindikukakamizani."

Sanatchule za zovala kapena za mwana. Panalibe chifukwa. Aliyense amene anali pamenepo anamva.

Kuchokera m'mudzimo kukafika pageti panali patali, ndipo panjira panali mphambano ziwiri zofanana ngati mapasa, tiyi uku tiyi uku. Ndinaimirira pakati pa msewu, chipewa m'manja. Ntchito ija inali yoyamba m'moyo mwanga yoti munthu amakuitana ndi dzina lako osati "wakabaza iwe". Ndinaganizanso za mwana wanga akukula m'nyumba imene ndinamanga, ine ndikumamuonera pamsika.

Ndinapita kwa alendo aja. Ndinathyola kamtengo n'kujambula njira pansi: mphambano yoyamba kumanja, yachiwiri kumanzere, kenako kutsata mawaya a magetsi mpaka kufakitale. Ndinabwereza katatu. Mmodzi anajambula chithunzi cha pansipo ndi foni. Wamtali uja anafunsa ngati womwalirayo anali m'bale wanga. Ndinati eya, chifukwa kufotokoza zonse kukanatenga tsiku. Ananyamuka. Njinga yanga ndinaitsamiritsa kuseri kwa nyumba ya malume.

Kumanda ndinalowa m'dzenje ndi kabudula wothina uja wopalasira njinga. Adzukulu anaseka mpaka wina anakhala pansi.

"Akamwini, kabudulayu ndi wa mwana wanu?"

"Musawaseke, angakupatseni yanu mbama."

Ndinatola piki. Mwalawo unali waukulu, piki ikagunda imabwerera n'kugwedeza mano. Msuweni uja, tsaya litatupa, ankakumba mbali ina ine mbali ina, misana ikugundana. Patapita nthawi anandiponyera chitsulo chotembenuzira mwala, osandiyang'ana.

"Tsindira apo. Mphamvu uli nazo, taziona tonse."

Tinautulutsa dzuwa litapendeka. Manja anga anatuluka matuza, ena n'kuphulika. Mayi aja tinawaika bwinobwino. Pobwerera malume anandidutsa panjira n'kunena kuti, "Mukasambe, akamwini," basi.

Lolemba m'mawa ndinabweza njinga ku esiteti. Ndinamva pageti pomwe, kwa mlonda, kuti alendo aja anasokera pamphambano yachiwiri. Anakatulukira cha ku Khwethemule madzi atawathera, ndipo anachita kuwabweretsa ndi lole yonyamula nkhuni. Palibe anavulala, koma mayi mmodzi anafika akulira.

Abwana aja sanakalipe. Analandira njinga, anazunguza tayala, anayang'ana tcheni.

"Ndinakuuza zinthu ziwiri zokha," anatero.

"Panali maliro, bwana."

"Ndamva. Pepa. Chipewa usiye patebulopo."

Ndinamva mtima wapachala uja ukubwera. Ndinalowetsa manja onse awiri m'matumba n'kuwasiya momwemo mpaka nditatuluka pageti. Mwina kunali kutopa chabe, sindikudziwa.

Ndinabwerera wapansi msewu womwe uja, maola atatu, timiyala tikulowa m'nsapato. Othyola tiyi amene ankandibayibitsa ndikamadutsa ndi alendo anangondiyang'ana, wina n'kufunsa kuti njinga yapita kuti. Pamlatho ndinakhala pansi kanthawi, ndinavula nsapato n'kukutumula.

Nditafika ndinapeza mkazi wanga pakhonde akusenda chinangwa, mwana atagona pambali pake. Anayang'ana manja anga opanda kanthu. Anangokankha kampando ndi phazi, ine n'kukhala.