Girizi wa Alamu Anga

Njinga ija anandipatsa ndi bwana amene ndinkamusamalira maluwa ndi kapinga ku Garsfontein, mumzinda wa Pretoria. Iye anali atagula ina yopepuka, ndiye yakaleyo inkangodya malo m'galaja. Pondipatsa anawonjezera kuti tsopano ndisiye kunamizira matakisi ndikachedwa. Chifundo cha mabwana sichiyenda chokha, nthawi zonse chimakhala ndi kachenjezo kumbuyo.

Inali njinga yamagiya, ndipo ukasiya kupalasa potsetsereka, habu ya gudumu lakumbuyo inkalira kuti tche-tche-tche ngati nkhululu. Ine kulirako sikunkandivuta. M'mawa ndinkachoka ku Sunnyside kumene ndinkakhala, madzulo ndinkabwerera, osakanganako ndi kondakitala aliyense.

Kenako kunabwera alamu, achimwene awo a mkazi wanga. Ku Balaka anali munthu wotchuka. Ankakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo wa mango, ndipo anyamata ankachita kufola kudikira manja awo. Zitachuluka njinga zamoto, mzere uja unayamba kufupika mpaka pansi pa mtengopo panatsala iwo okha ndi mbuzi. Anakwera basi ya ku Joni atanyamula masipanala awo m'kathumba ka saka, poganiza kuti kuno njinga zikuwadikira. Miyezi inapita ali m'chipinda changa, kuseri kwa katani, ntchito osaipeza. Anzathu ankawauza kuti azikaima pamphambano pomwe amuna amadikirira ganyu, koma iwo ankakana. Ankati mmisiri sapemphetsa ntchito pamsewu.

Muyenera kudziwa kuti awa sanali mlendo wamba. Anali ankhoswe a mkazi wanga, amalume a ana anga. Munthu wotere sumutsutsa, ngakhale atanena kuti dzuwa limatulukira ku Mozambique chifukwa kumeneko n'kumene amalisunga.

Tsiku lina ndikulowetsa njinga m'chipinda, anatchera khutu.

"Alamu, njingayi yauma. Simukumva mmene ikulirira?"

"Inabwera ikulira choncho, alamu."

"Ndiye kuti mzunguyo anakupatsani yodwala. Njinga yabwino imayenda chete. Azungu amadziwa kugula, kusamala sadziwa."

Nkhope yawo inawala tsiku limenelo, koyamba chifikireni. Loweruka anayala manyuzipepala pansi, n'kumasula gudumu. Magiya a kumbuyo amafuna sipanala yakeyake, koma alamu analibe nthawi ya zinthu zachibwana ngati zimenezo. Anagwiritsa ntchito hamala ndi msomali, monga ankachitira kwathu. Atatsegula habu anapeza timano titatu tokhala pa kawaya kopyapyala, tomwe timagwira gudumu ukapalasa n'kulisiya ukaleka. Anayang'ana timanoto monyoza. Kenako anatsegula chitini cha girizi wakuda uja amapaka m'ngolo za ng'ombe, n'kumudzaza m'habumo ndi chala mpaka kusefukira. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wanga anadza ndi chitini.

Kunena zoona, njinga inatonthola. Alamu anapukusa gudumu, chete. Anaitana anthu a chipinda choyandikana kuti adzamve mmene njinga yosamalidwa imakhalira chete, ndipo anthuwo anaima n'kumamvetsera mwaulemu chinthu chosamveka.

Zonse zinali bwino mpaka chisanu cha mu Juni chitafika. Amene sanakhaleko ku Pretoria amaganiza kuti kuzizira amakudziwa chifukwa anagonako ku Dedza. M'mawa wina ndinaima pamaloboti, takisi ili kumbuyo kwanga. Atayaka obiriwira ndinaponda pedulo mwamphamvu, mwendo n'kungopita pansi osakumana ndi kanthu. Ndinapalasa, tcheni n'kumazungulira bwinobwino, njinga osasuntha. Woyendetsa takisi anaimba hutala, n'kundiuza zambiri m'chilankhulo chake cha Chisepedi zokhudza ine ndi makolo anga. Ndinakankha njinga mtunda wonse ngati ndikuperekeza nkhalamba kuchipatala. Bwana ndinamupeza ali pageti, ndipo ananena mwachidule kuti zikachitikanso apeza munthu wina.

Dzuwa litakwera, njinga inachira yokha. Madzulo ndinawafotokozera alamu. Anaikwera m'kakhonde ka fulati, kupita uku ndi uko, ikugwira bwino lomwe.

"Palibe vuto apa," anatero. "Miyendo yanu ndi imene imachita dzanzi ndi chisanu. Muzivala mathalauzi awiri."

Ndinathokoza chifukwa cha malangizowo. Mawa lake ndinalawirira kwambiri, ndipo njinga inachitanso zomwezo ndili m'mathalauzi awiri.

Kutchalitchi kwathu kunali bambo wina wobadwira ku Zimbabwe, agogo ake ochokera ku Ntcheu, amene ankagwira ntchito m'shopu ya njinga. Ndinamupititsira gudumu pa nthawi yake yopuma. Atatsegula anagwira pakamwa.

"Eish, achimwene! Ndani waika phala muno?"

"Munthu wina wake," ndinayankha.

"Munthu wina wakeyo amakonza mathirakitala? Timano iti timafuna kudumpha. Kukazizira girizi uyu amalimba, timamatirira pansi, finish. Kulira kuja ndiye umoyo wake."

Anatsuka zonse ndi kaburashi, n'kupukuta ndi nsanza mpaka chitsulo chinaoneka. Kenako anadontheza timadontho ta oyilo wopepuka pa dzino lililonse, tochepa moti alamu akanati ndi umbombo. Atabwezera n'kupukusa, tche-tche-tche anabwerera, mokweza kuposa kale.

Apa m'pamene ndinazindikira tsoka langa. Zinthu zina ukazikonzetsa mobisa zimakusungira chinsinsi, koma njinga iyi inali yolongolola. Ndikanalowa nayo m'chipinda ikulira, alamu akanadziwa kuti ntchito yokhayo imene anagwira ku Joni ndakaichotsetsa kwa munthu wina. Ndipo ine ndinali nditaona mmene ankaiyang'anira njingayo m'mawa uliwonse ndikamatuluka, ngati mwana amene anamuphunzitsa okha.

Ndiye ndinapeza nzeru, ya mtundu umene umabwera kwa munthu wamantha. Habu imalira pokhapokha gudumu likuyenda iwe osapalasa. Ndikafika mumsewu wathu ndinkapalasa osalekeza, mabuleki nditagwira pang'ono, mpaka pakhomo la fulati. Pamenepo ndinkaiika paphewa n'kukwera nayo masitepe onse, popeza lifiti yathu inamwalira kalekale ndipo maliro ake sanalengezedwe. Ndinkaitsitsa pakona mosamala ngati mtanga wa mazira. Alamu ankagwedeza mutu mokhutira.

"Mwayamba kusamala matayala tsopano," ankatero.

Kuntchito ndinasiya kuchedwa. Phewa linatupa, koma pakhomo panali mtendere, ndipo ndinkadziona ngati munthu wochenjera kwambiri m'Sunnyside monse.

Lamulungu lina masana ndikubwera kogula matemba, ndinamva kulira kuja ndili m'kakhonde. Nditatsegula chitseko ndinapeza njinga ili chagada, alamu atakhala pa chigubu, nsanza ili m'manja. Ankafuna kundipukutira masipoko. Gudumu linkazungulira, ndipo iwo analisiya mpaka linaima lokha.

"Mwatsegulitsa liti?"

Ndinawauza zonse, za maloboti, za bwana, za bambo wa kushopu. Ndinkayembekeza kuti anena kuti anthu a ku Zimbabwe sadziwa njinga, ndipo ndikanasangalala akanatero. Sanatero.

"Ndiye masiku onsewa mumasenza njinga paphewa chifukwa cha ine?"

"Sindinkafuna kuti mukhumudwe, alamu."

"Mmisiri aliyense amalakwitsa," anatero motsitsa mawu. "Ku Balaka ndikalakwitsa, mnyamata ankabwera nayo n'kundikalipira pamaso pa anthu, ine n'kuikonzanso. Ankandikalipira chifukwa ankadziwa kuti ndingathe. Inu mwandibisira ngati mmene amabisira matenda kwa munthu amene watsala pang'ono kufa."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira ndimachita manyazi. Ndinapepesa, iwo n'kunena kuti palibe mlandu. Anapinda nsanza ija bwinobwino, n'kuimika njinga pamalo pake.

Tinakhalabe limodzi mwaulemu wonse, kudyera mbale imodzi, kupatsana moni m'mawa. Koma mpaka tsiku limene ndinawaperekeza kokwerera basi ya kumudzi, sanagwirenso njinga yanga, ngakhale kupopa tayala.