Mavoti Okazinga, Othira Mchere

Musanayambe kunditsutsa, mboni zanga ndi izi: a Banda okonza njinga pageti la msika, Amai Zulu a tomato, ndi mkazi wanga, amene chikwatirane sanandiikirepo kumbuyo pa nkhani iliyonse.

Komiti ya msika wathu kuno ku Chipata imachititsa mpikisano wa zojambula, ndipo chithunzi chopambana chimapentedwa pakhoma loyang'ana kumsewu, mwini wake n'kulandiranso mphoto ya ndalama. Kale osankha anali akuluakulu a komitiyo, ndipo luso linkangobadwira m'mabanja mwawo mokha. Chaka china anapambana mlamu wa wapampando, dzanja lili mu pulasitala.

Anthu atadandaula, chaka chino komiti inati tisankhe tokha. Aliyense alandire nsawa imodzi, aiponye m'mbale ya pansi pa chithunzi chimene chamukomera. Wodzaza mbale, khoma ndi lake.

Pali cholakwika pamenepo? Palibe. Kungoti amai a m'komiti anati n'zamanyazi kupatsa alendo nsawa zaziwisi ngati tili kumunda. Anazikazinga. Anathira ndi kamchere.

Amai Phiri, aphunzitsi a ku Tamanda, anajambula azimai akupeta chimanga. A Banda akulumbira kuti mankhusu ena anawalowa m'maso. Ine ndinajambula ng'ombe ya pa mwambo wa Ncwala. Mkazi wanga ataiona anafunsa chifukwa chake tebulo lili ndi mchira.

Khamu lonse linaunjikana kwa Amai Phiri. Tsono inu mukulidziwa dzanja la munthu wa kuno likakhala pafupi ndi mbale ya nsawa: silitsazika mutu. Munthu waponya imodzi, watamanda chithunzi, watapa zodzaza chikhatho. Amai Zulu akuti bambo wina anagwetsa misozi ndi kukongola kwa chithunzicho, uku akutafuna mavoti a dera lonse la Madzimoyo. Amene anaikidwa kulondera mbaleyo anapezeka ndi makoko kundevu.

Kwanga kunalibe woima. Ngakhale nkhuku inalambalala. Nsawa zimene abale anga anaponya mothamanga, nkhope atalozetsa kwina, zinatsala zonse.

Powerengera, m'mbale ya Amai Phiri munali mchere wokhawokha. Khoma linagwera ine.

Amai Phiri anabwera kudzandigwira chanza mwaulemu.

"Zikomo, a Mwale, mwapambana. Koma muwauze openta kumene kuli mutu wa ng'ombeyo, angaiike chadodolido."

Ndi mmene timakonzera zinthu ife. Timachotsa anthu ochepa odyera pa mpikisano, n'kuitana msika wonse kuti udzadye mpikisano weniweniwo. Kodi popanga lamulo sitingayambe tafunsa ngati likutafunika?

Ine ndinapita kukomiti ndi maganizo omveka: tivotenso, tigwiritse ntchito miyala, khoma lipite kwa Amai Phiri. Ndinalankhula mokhudza mtima moti wapampando anasiya kutafuna.

Ndili pakati pofotokoza, foni inalira m'thumba. Ndalama za mphoto zinali zalowa.

Za miyalazo tiyambe chaka chamawa.