Bondo Pansi, Kunja kwa Mzere

Loweruka lina nditaweruka kuchipatala, ndinapita kukaimbira basketball ya atsikana a sekondale ku Whitmore Reans, kuno kwa azungu. Mpira utatuluka m'bwalo, ndinaupereka kwa mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu kuti auponyere anzake. Mwanayo, poona kuti womupatsayo ndi anti, anaulandira ndi manja awiri, bondo mpaka pansi.

Kochi wa timu inayo analumpha. "Travelling, ref!"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti lamulo limenelo, loletsa kuyenda kapena kugwada uli ndi mpira m'manja, limagwira amene ali mkati mwa bwalo. Mwanayu ali kunja kwa mzere, agwade mmene angafunire. Kochiyo anabwerera n'kukakhala pansi.

Mtsikanayo anadzuka n'kuponya, mnzake n'kugoletsa. Mayi a mwana wogwada uja analuluta mpaka holo yonse inacheuka. Ine ndinangoluma wezulo kuti nane ndisalulute, poti woimbira sakhala ndi mbali.